Ndadyako katatu ku lesitilanti ya nsomba za m'nyanja ija ya kumayadi

Aaa anzanga, ndakhala ndikuzengereza kulemba izi koma dzulo mlamu wanga wandifunsanso kuti "kodi kuja mumapita kuja nkwabwino?" ndiye ndangoti bola ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Ndikunena malesitilanti aja a kampani imodzi koma nthambi mbwee, omwe amakonda kumanga kumayadi pafupi ndi mashopu akuluakulu, malo oimika magalimoto mtunda wonse, mkati apachika maukonde, zingwe za sitima ndi zithunzi za asodzi oti pamalopo sanapondepo n'komwe. Dzina sinditchula. Ndapitako Lachiwiri masana, Lachisanu usiku, kenako Lamlungu, ndipo kunena zoona zinali ngati ndalowa malo atatu osiyana, chonsecho khomo ndi lomwelo, menyu ndi yomweyo.

Ndiyambe ndi Lachiwiri chifukwa ndi tsiku lomwe linandipusitsa. Anthu anali ochepa, matebulo mwina asanu okha ndi omwe anali ndi anthu, weita wake mtsikana wansangala anabwera tisanakhazikike bwino. Ine ndi chibwana changa ndinamufunsa kuti "achemwali, nsombayi ndi yongovuula kumene kapena ndi ya mufiriji?" Sanazungulire ayi, anangoti "bambo, zonse zimabwera zowumitsidwa ndi ayezi, timazisungunula kuno." Ndinamukonda pomwepo. Anthu ambiri akamva za mufiriji amakwinya nkhope koma vuto silili pamenepo. Nsomba yomwe aiwumitsa msanga ikangogwidwa n'kuisunga pa kuzizira kwa madigiri -18 imafika ili bwino kuposa ija amati ndi yatsopano koma yayenda masiku pa ayezi wosungunuka. Ndipo kampani ya nthambi zambirimbiri, zina zili kutali ndi nyanja, ingathe bwanji kupereka mbale yofanana paliponse popanda firiji? Ma prawn (tinyama ta m'madzi tapachibale ndi nkhanu) ambiri omwe amadyedwa m'malo ngati awa ndi oweta m'maiwe, ochokera ku Ecuador, India, Vietnam ndi Indonesia. Salmon nayo ndi yoweta, yambiri ya ku Norway ndi Chile, ngakhale mtundu wake wofiirira uja umachokera mu zakudya zomwe amaipatsa. Palibe chobisa apa, ndi mmene bizinesiyi imayendera basi.

Tsiku limenelo ndinaoda salmon yootcha, mayi akunyumba anaoda ma prawn a batala ndi adyo. Eee, zinali bwino ndithu. Chikopa cha salmon chinali khirichi khirichi, mkati mofewa, ukaika foloko mnofu umangopatukana wokha uli ndi timadzi take. Ma prawn anali atapindika pang'ono ngati chilembo C, ndiye kuti wophikayo anawaphula pa nthawi yake, chifukwa tinthu timeneti timapsa m'mphindi ziwiri zitatu zokha. Kafungo koipa kaja ka nsomba yogonera kunalibe. Buledi anabwera wotentha. Tinatuluka tikuuzana kuti apa ndiye tapeza malo.

Ndiye Lachisanu tinatenga anzathu awiri, ine ndikudzitama m'galimoto njira yonse kuti lero mukaona. Mayo ine. Pakhomo anatipatsa kachipangizo kaja kamalira tebulo likapezeka, anati mphindi 15, tinaima pafupifupi 40, titalowa n'kupeza matebulo ena alibe anthu koma mbale zakuda zili pompo osachotsa, ndiye unkangoona kuti malo alipo koma manja ndi omwe akuchepa. Weita wathu anali mnyamata, thukuta kamukamu, akuthamanga pakati pa matebulo oti sindinathe kuwawerenga, zakumwa anaiwala kawiri, kachitatu anabweretsa za tebulo lina. Sindinamukalipire, ukamuyang'ana unkachita kumva chisoni. Mnzanga ndi amene anayamba kung'ung'udza ndipo ndinachita kumuponda phazi pansi pa tebulo.

Tinaoda chimbale chachikulu chija cha anthu anayi, chomwe pa chithunzi cha menyu chimaoneka ngati phwando. Chitafika, ha. Calamari, nyama ya kanyama ka m'nyanja ka miyendo yambiri kotchedwa squid, inali ngati ukutafuna labala, ndipo calamari ilibe zambiri, ukaikazinga kupitirira mphindi ziwiri yalimba basi, pokhapokha uiphike nthawi yaitali kwambiri kuti ifewenso. Ma prawn omwe aja a Lachiwiri lero anali atadzikulunga ngati chilembo O, ouma gwa. Nsomba yokazinga inali ndi chikhungwa chakuda bii chonona mafuta, zomwe zimachitika mafuta akatopa kapena akaponyamo zambiri nthawi imodzi moti kutentha kwatsika, chakudya m'malo mokazingika chimangomwa mafuta. Chipisi chinali lende. Pansi pa mbale panali chithaphwi cha madzi oyererako, ndipo ine ndimakayikira kuti ndi zija amaviika ma prawn ndi ma scallop (mtundu wa nkhono za m'nyanja) mu mankhwala a phosphate kuti asunge madzi azilemera pa sikelo, ukawaika pamoto madziwo amatuluka onse n'kutsala kanthu kakang'ono. Chomwe chinandiwawa kwambiri nchakuti zonse zinafika zofunda chabe, kusonyeza kuti zina zinapsa kalekale zikudikira zinzake pansi pa nyale ija ya kukhitchini.

Manijala anabwera titadandaula, mwaulemu ndithu, anapepesa n'kutichotsera mtengo wa calamari pa bilu, komanso anatipatsa keke ya ulere. Chabwino, koma keke sinali chomwe tinayendera mtunda wonsewo.

Tsiku limenelo kunali pulomoshoni ya ma prawn, ndipo ndikuganiza kuti ndi yomwe inaphwanya khitchini. Mapulomoshoni amenewa ine ndinasiya kuwakhulupirira. Onani zomwe zinachitikira Red Lobster ku America, kampani ya malesitilanti ngati awa yomwe inayamba mu 1968 ku Lakeland, Florida, n'kukula mpaka nthambi mazanamazana. Mu 2023 anaika pa menyu ya tsiku ndi tsiku zoti munthu adye shrimp, ma prawn omwewa, mmene angathere pa $20, anthu anakhamukirako n'kumakhala pa tebulo osadzuka, kampaniyo inaluza ndalama zokwana $11 miliyoni m'miyezi itatu, ndipo pofika May 2024 inakalembetsa kukhoti kuti yalephera kubweza ngongole, nthambi zambiri n'kutsekedwa. Sikuti shrimp yokha ndi yomwe inawagwetsa, lendi ya nyumba zawo nayo inali itawakwera pakhosi, koma nkhaniyi imakuonetsa kuti nsomba za m'nyanja si chinthu chotchipa. Munthu akakuuza kuti idya mpaka ukhute pa mtengo wochepa ndiye kuti penapake adulapo, kaya pa kukula kwa prawn, kaya pa chiwerengero cha ophika ndi maweita.

Lamlungu ndinabwererako makamaka chifukwa cha makani, ndinkafuna ndidziwe kuti weniweni ndi uti pakati pa Lachiwiri ndi Lachisanu. Zinali pakatikati. Mabanja ambiri, ana akulira uku ndi uku, koma ogwira ntchito analipo okwanira. Pa menyu panalembedwa kuti "nsomba yoyera ya tsiku lalero" osatchula mtundu, ndiye ndinafunsa kuti "achimwene, yoyerayi dzina lake ndani?" Anapita kukafunsa kukhitchini n'kubwera ndi yankho loti ndi pangasius. Imeneyi ndi nsomba ya m'madzi opanda mchere yomwe amaweta kwambiri ku Vietnam m'chigwa cha Mekong, si yoipa ayi, yofewa, yopanda minga, koma kukoma kwake ndi kwa sosi yemwe waithira basi, ndiye kuilipira ngati yachokera pakati pa nyanja yamchere ine ndinakana. Ndinasintha n'kuoda ma mussel, nkhono za m'nyanja za zigoba ziwiri zomwe zimatseguka zikapsa. Anali okoma, msuzi wake ndinachita kupukuta ndi buledi, kungoti angapo anabwera ali chitsekere ndipo amenewo ndinawasiya pambali. Mayi akunyumba anatenga saladi ya nkhanu, titayang'anitsitsa n'kuona kuti ndi timitengo tija tofiira kunja koyera mkati, surimi, tomwe amapanga ndi mnofu wa nsomba wopera, kawirikawiri Alaska pollock, nkhanu yeniyeni mulibemo kapena ndi yongonunkhiritsa. Pa menyu analemba ndithu, koma ndi tizilembo toti mpaka uvale magalasi.

Zaukhondo sindingawanamizire, zimbudzi zinali zoyera maulendo onse atatu, mipando ya ana ilipo, ndipo sosi wa ndimu ndi batala amaudziwa. Bilu yokha muziiwerenga, Lamlungu anatiikira juwisi yemwe sitinamwe, anachotsa titawaonetsa popanda kukangana.

Ndiye alamu, yankho lanu ndi ili. Pitani mkati mwa sabata masana, odani chinthu chimodzi chootcha chomwe dzina lake lalembedwa poyera, funsani mtundu wa nsomba musachite manyazi, chimbale chachikulu chokazinga chija chisiyeni, ndipo mukaona chikwangwani cha pulomoshoni pakhomo Lachisanu usiku ingokhotetsani galimoto. Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zitatu, ndipo imodzi mwa zitatuzo ndi ya mtsikana wa Lachiwiri uja. Lamlungu ndinamuyang'ana kuti ndikhale mbali yake koma anati ali pa ofu.