HPE ProLiant ML110 Gen10: mmene ndaionera poikamo ndi pochotsamo makhadi

Ntchito yathu ndi kujambula mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mipingo muno mu Blantyre, ndipo zonse zimene tajambula timasunga pa seva imodzi, HPE ProLiant ML110 Gen10. Ndi seva yoimirira pansi ngati kompyuta wamba, kungoti ndi yaikulupo komanso yolemera. Mtundu umenewu unatuluka mu 2017. Yathu ili ndi purosesa ya Xeon Silver 4110 ya ma core 8 ndi power supply, chipangizo chogawa magetsi mkati mwake, ya mawati 550. Za kusunga mafailo sindinenapo zambiri, imasunga bwino basi. Chimene ndikufuna kufotokoza ndi mmene imalandirira makhadi owonjezera, zipangizo zolowetsa mkati kuti izigwira ntchito zina monga za zithunzi kapena za netiweki, chifukwa anzanga a ntchito ngati yathu akamagula seva saganizira zimenezi mpaka tsiku limene afuna kuikamo khadi.

Chinatikakamiza ndi mavidiyo a 4K. Xeon ya mtundu uwu ilibe mbali ya zithunzi mkati mwake, ndipo kachipangizo ka zithunzi ka pa motherboard ntchito yake ndi kungoonetsa zolemba ndi mawindo kudzera pa VGA, doko la sikirini la kumbuyo. Kusintha vidiyo ya ukwati wa tsiku lonse kuti ikhale yopepuka kunkadya purosesa yonse, ndipo amene akukoka mafailo nthawi yomweyo ankadikira. Tinaganiza zoikamo makhadi awiri: la zithunzi kuti lizisenza ntchito yosintha mavidiyo, ndi la netiweki la 10Gb, popeza madoko awiri obwera nayo ndi a 1Gb okha.

Malo alimo okwanira. Muli ma slot asanu a PCIe 3.0, mipata yolowetsamo makhadi, awiri mwa iwo ndi aatali aja a x16. Koma funso loyamba si malo ayi, ndi magetsi. Slot ya x16 imapereka mawati osapitirira 75. Khadi lofuna oposa pamenepo limafuna nthambo yakeyake kuchokera ku power supply, ya mapini 6 imene imawonjezera mawati 75, kapena ya mapini 8 imene imawonjezera 150. Ma ML110 ena amabwera ndi power supply ya mawati 350 okha, yoti idyetsenso purosesa, RAM, ma disiki ndi mafani. Ndiye amene akuganiza zotenga khadi lalikulu la masewera, la mafani atatu lija, n'kuliika muno, ndikumupempha aimirire kaye awerengere mawati ake.

Pa khadi la zithunzi ife tinasankha NVIDIA Quadro P2000, ndipo ndimaikonda. Nayonso ndi ya 2017, ili ndi memory ya 5GB, madoko anayi a DisplayPort, imatenga slot imodzi yokha ndipo imakhutira ndi mawati 75 a pa slot pomwepo, osafunanso nthambo ina. Mkati mwake muli NVENC, kagawo kongosintha mavidiyo kukhala H.264 kapena H.265, ndipo pa khadi ili NVIDIA sanaike malire a chiwerengero cha mavidiyo osinthidwa nthawi imodzi ngati mmene amachitira pa makhadi awo a masewera a GeForce. Ndi mapulogalamu osinthira mavidiyo a HandBrake kapena FFmpeg timaika mavidiyo pamzere madzulo, purosesa n'kukhala yomasuka. La netiweki ndi Intel X550-T2, la PCIe 3.0 x4, ndipo linalowa mu slot ina yaifupi popanda vuto.

Kutsegula seva imeneyi n'kosangalatsa kwa munthu wozolowera makompyuta otchipa amene malata ake amacheka zala. Mukazimitsa, zulani nthambo ya magetsi ndithu. Batani la kutsogolo silizimitsa zonse. Kanyali kakasanduka kachikasu ndiye kuti magetsi ena akadali pa motherboard, akudyetsa iLO, kakompyuta kakang'ono kamene kamalondera seva usana ndi usiku. Kuzula khadi pamene nthambo ikadali pa khoma kapena pa UPS, batire losunga magetsi akathima, ndi kuliika pangozi. Mukazula nthambo ya magetsiyo tsegulani chitseko cha kutsogolo ndi kiyi wake, goneketsani seva cham'mbali pa tebulo, chotsani chivundikiro. Muona mapulasitiki otsogolera mpweya. Amanyamuka ndi manja. Kumbuyo kuli chogwirira chimene chimapanikiza timalata totseka ma slot. Mukachitsegula, kalata kamodzi kamatuluka, khadi n'kulowa. Ndimasunga screwdriver ya Torx T-15 pafupi, chifukwa zomangira zambiri za HPE ndi za mtundu umenewo, osati za nyenyezi wamba zija.

Khadi ligwireni m'mbali, osati pa timizere tagolide. Likankhireni pansi molunjika, mbali zonse ziwiri mofanana, mpaka timizereto tisamaonekenso. M'miyezi youma ya Ogasiti mpaka Okutobala thupi limasunga magetsi ake, aja amathetheka mukagwira chitseko cha galimoto, ndipo amatha kupha khadi osaoneka chizindikiro chilichonse. Ine ndimavala lamba wa pa dzanja wolumikizidwa ku chitsulo cha seva. Ngati mulibe, gwirani chitsulocho kaye musanatulutse khadi m'thumba lake.

Pa nkhani ya mpweya ndi pamene seva imasiyana kwenikweni ndi kompyuta ya pa desiki, ndipo pano ndikhalitsapo. Mpweya umalowa kutsogolo, kudutsa pa ma disiki, pa makhadi ndi pa purosesa, n'kutulukira kumbuyo. Mapulasitiki aja si okongoletsa, ndi amene amaukhotetsa kuti ufike pamene pakutentha. Khadi la 10Gb ngati lathu limatentha kwambiri, moyo wake ndi mpweya umenewo. Ndaonapo maseva m'maofesi ena atasiyidwa chivundikiro chili pambali, eni ake akuti kuti izipuma. Zimandiwawa, chifukwa kutero n'kumwaza mpweya womwe ukanaziziritsa makhadi. iLO imawerenga kutentha m'malo ambiri ndi kulamula mafani, ndipo ikapanda kutha kuwerenga khadi lina lachilendo imasankha kuthamangitsa mafani kusiyana n'kulola kuti lipse. Phokoso limakwerapo. Ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, ine ndimaona kuti imaganiza bwino, moti pa zosankha za mafani tinachita kusankha Increased Cooling, yowathamangitsa kwambiri, m'malo mwa Optimal Cooling, seva n'kuisamutsira m'chipinda china kutali ndi kumene timamvetsera mawu.

Pali kanthu kena kamene kamadabwitsa ambiri. Mukaika khadi la zithunzi, chithunzi chimatha kusamukira pa khadilo, VGA ya kumbuyo n'kukhala bii, ngakhalenso sikirini ya iLO imene mumaonera muli kutali. Palibe chimene chafa. Poyatsa dinani F9, lowani mu System Utilities, pitani ku Advanced Options, pa Video Options musankhe kuti zonse ziwiri zizigwira ntchito, ya pa motherboard ndi ya khadi. Muzikhalanso odekha poyatsa: seva imayamba yadzifufuza, RAM, makhadi, mafani, ndipo pamapita mphindi zingapo chithunzi chisanabwere. Musathamangire kuzimitsa n'kuzula khadi.

Kodi ndingailimbikitse? Kwa studio yaing'ono, sukulu kapena ofesi yofuna khadi limodzi la zithunzi la mawati 75 ndi lina la netiweki, inde, ndi mtima wonse. Kwa wofuna makhadi akuluakulu a 3D kapena a masewera, ndalama zake zipite ku workstation, kompyuta yamphamvu yopangidwira makhadi otere. Sevayi ikhalenso pa UPS, chifukwa magetsi akathima vidiyo ili pakati, ntchito ya usiku wonse imayambiranso.

Kuchotsa ndi njira yomweyo chobwerera, ndipo ife timachita zimenezi pofuna kupemerera fumbi mu fani ya Quadro nyengo ya fumbi ikatha. Zulani nthambo zonse za kumbuyo kwa khadi, tsegulani chogwirira chija, ndipo musanakoke yang'anani kumapeto kwa slot ya x16 ngati pali kachogwirira kapulasitiki kokola khadi; kamasuleni ndi chala, apo ayi mungathyole slot yeniyeniyo. Kokani molunjika, osapotoza. Ngati khadi silibwereramo, bwezerani kalata kotseka slot kaja, chifukwa bowo losiyidwa limaba mpweya ndi kulowetsa fumbi. Timalata tathu timasunga m'kaenvelopu komatidwa pamwamba pa seva, pamodzi ndi matumba amene makhadi anabweramo.