Botolo lotsukira mphuno ndi mometasone patatha chaka chichotsereni mapolipu

Munthu akamatuluka m'chipatala atamuchotsa tinyama tomera m'mphuno, timene madokotala amati mapolipu, amapatsidwa zinthu ziwiri zooneka zopepuka: botolo lofewa la mamililita 240 lotsukira mphuno, monga la NeilMed, ndi mankhwala opopera a mometasone kapena fluticasone. Pakatha miyezi 12, ziwirizi zimakhala zagwira ntchito yaikulu kuposa mmene ambiri amayembekezera, koma pokhapokha ngati sizinalekedwe.

Opaleshoni imachotsa tinyamato ndi kukulitsa timakomo ta timphako ta m'mafupa a nkhope, koma kutupa kumene kunabala tinyamato kumatsala. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 2017 anapeza kuti pa miyezi 18 mapolipu anali atameranso mwa odwala pafupifupi 4 pa 10 alionse. Phindu lenileni la opaleshoni ndi loti madzi ndi mankhwala tsopano amafika kumene kale sankafika.

M'masabata 6 oyamba botolo ndiye mwini ntchito. Kutsuka kawiri pa tsiku, kapena kuposerapo ngati adokotala atero, kumatulutsa nkhanambo, magazi ouma ndi mamina olimba, zimene zikakhalitsa zimamatanitsa minofu n'kutsekanso timakomo. Weramani pa beseni, yasamani, finyani pang'onopang'ono theka la botolo kumphuno imodzi, theka lotsala kwinako. Khutu likawawa kapena kutsekeka ndiye kuti mwafinya mwamphamvu, kapena mwamina mutatsina mphuno zonse, madzi n'kulowera m'kanjira kopita kukhutu. Musadabwenso madzi akadzatuluka okha mutawerama patapita mphindi zambiri. Amakhala atatsalira m'timphako ta m'masaya. N'chifukwa chake kutsuka kwa madzulo kuzichitika ola lathunthu musanagone.

Pa madzi palibe kunyengerera. A pampopi, pamjigo kapena pachitsime awiritsidwe kwa mphindi 3 mpaka 5, azizire mpaka akhale ofunda, ndipo agwiritsidwe ntchito pasanathe maola 24. Madzi amene mungamwe bwinobwino atha kukhala oopsa m'mphuno, chifukwa mulibe asidi wonga wa m'mimba wopha tizilombo. Mu 2011 anthu awiri anamwalira ku Louisiana, m'dziko la America, kachilombo ka Naegleria fowleri katafika kuubongo atatsuka mphuno ndi madzi apampopi osawiritsa. Zotere sizichitikachitika, koma mtengo wopewera ndi makala ochepa chabe.

Timapaketi ta mchere timene timabwera ndi botolo timatha, ndipo kugula tina mwezi ndi mwezi kumapweteka m'thumba. Osakaniza nokha amagwira ntchito mofanana: masupuni atiyi 3 a mchere wosalala ndi supuni imodzi ya soda, kenako supuni imodzi ya zosakanizazo mu botolo lodzaza. Wopanda ayodini ndiye wabwino, ngakhale kuti wa m'magolosale mwathu nthawi zambiri umakhala naye. Mphuno ikamayaka, kawirikawiri mchere wachuluka, kapena wachepa kwambiri. Madzi opanda mchere amawawa kuposa amchere.

Chofooka cha botololi chimaoneka likagwira ntchito kwa miyezi ingapo. Pulasitiki imachita mbuu, kapaipi ka m'kati kamasunga chinyezi, pansi pa chivindikiro pamayamba chuku. Opanga ake amati lisinthidwe pakatha miyezi 3, ndipo apa sakungofuna malonda. Litsukidwe ndi sopo tsiku lililonse, liume lili chozondoka, zidutswa zake zili padera. Botolo ndi la munthu mmodzi.

Madzi amchere paokha saphwetsa polipu. Imeneyo ndi ntchito ya mometasone: mamaikulogalamu 50 pa kupopera kumodzi, kawiri mphuno iliyonse, kamodzi kapena kawiri pa tsiku malinga ndi mmene adokotala alembera. Amagwira pang'onopang'ono, pamatenga masabata. Yambani kutsuka, dikirani madzi akhe, kenako poperani. Mukasemphanitsa, mankhwala amatsukidwa onse. Dandaulo lalikulu pakatha miyezi ndi kamfuno, ndipo chimamuyambitsa n'kulozetsa mlomo wa kabotolo kopopera pa khoma la pakati pa mphuno. Dzanja lamanja lipopere mphuno yakumanzere, lamanzere yakumanja, molozera cha kukhutu, osakoka mpweya mwamphamvu. Mukamva kuwawa kwa mankhwala kummero, ndiye kuti adutsa. Kwa amene mapolipu awo ndi ouma mutu, madokotala ena amalemba mankhwala ena ochepetsa kutupa otchedwa budesonide othira mu botolo momwemo kuti afike m'kati mwenimweni.

Ambiri amagwa ulesi pakapita miyezi ingapo chichitireni opaleshoni. Mphuno yatseguka, fungo la ndiwo labwerera, botolo n'kuiwalika pawindo. Kenako kumabwera kuzizira kwa Juni, fumbi la chilimwe ndi utsi wa nkhuni. Chizindikiro choyamba choti tinyama tikubwerera nthawi zambiri si kutsekeka koma kuchepa kwa kununkhiza. Apa kuthamangira mankhwala otsegula mphuno msanga monga Otrivin n'kulakwitsa: kupitirira masiku 5 mphuno imazolowera n'kumatupa kwambiri mankhwalawo akatha mphamvu. Mapiritsi a prednisolone amaphwetsadi mapolipu msanga, koma kuwabwerezabwereza kumakweza shuga ndi BP ndi kufooketsa mafupa. Amene ali ndi mphumu ndipo amabanika akamwa aspirin apewenso ibuprofen ndi diclofenac. Kwa iwowa mapolipu amabwerera msanga kuposa kwa ena. Jakisoni wa dupilumab, amene anavomerezedwa kwa odwala mapolipu ku America mu 2019 ndipo amabayidwa masabata awiri alionse, amathandiza odwala otere, koma mtengo wake angaukwanitse ndi anthu ochepa okha.

Pali zina zimene botolo silingathe. Kanyama ka mphuno imodzi yokha kotuluka magazi, diso lotupa kapena loona zinthu ziwiriziwiri, mutu waukulu ndi khosi louma, kapena madzi oyera odontha mbali imodzi osaleka pambuyo pa opaleshoni: lekani kutsuka, pitani msanga kwa madokotala a makutu, mphuno ndi mmero, monga a ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe.