Maloya a ku Ginnery Corner omwe anandiletsa kuchotsa wantchito mopupuluma

Ndili ndi kabekale ku Chirimba, timaphika masikono ndi buledi, antchito alipo 7. Anzanga a bizinesi akhala akundifunsa kuti kodi maloya ndinapitako aja anakuthandizanidi kapena anangodya ndalama, nde ndati ndilembe pano kamodzi aliyense adziwerengere yekha.

Nkhani yake inali ya mnyamata wanga wina wa ku uvuni, wagwira kwa ine zaka 4. Ufa unkachepa mu sitolo mwezi ndi mwezi koma masikono osachuluka, mpaka tsiku lina mlonda anamupeza ndi theka la thumba atalibisa kuseri kwa mulu wa nkhuni. Ine mtima unali m'mwamba, ndimafuna azipita tsiku lomwelo basi. Mlamu wanga ndi amene anati ayi mlamu dikirani kaye, pitani mukafunse, anthu akulipitsidwa ku leba chifukwa cha zomwezi.

Ofesi yake ndi yaing'ono, ili m'mwamba mwa nyumba ina ku Ginnery Corner, ukatsika minibasi umayenda pang'ono. Anandilandira ndi loya wachitsikana ndithu, ndinafotokoza zonse mopsa mtima iye akungolemba, nditamaliza funso lake loyamba linali lakuti, "Mayi, mnyamatayo mwamumva mbali yake?" Ndinati ndimumve chani poti wagwidwa ndi ufa m'manja. Anatsegula Employment Act ya 2000 nkundilozera ndi cholembera gawo 57, kuti kuchotsa munthu ntchito pamafunika zinthu ziwiri, chifukwa chomveka komanso kumupatsa mpata woti adziteteze. Ukhoza kukhala ndi chifukwa chenicheni koma ukalumpha hearing, kutanthauza kukhala pansi nkumumva mbali yake, khoti likhoza kunena kuti unamuchotsa mopanda chilungamo, ndipo amene amayenera kupereka umboni woti zinayenda bwino ndi iwe bwana, osati wantchito. Apa mpomwe ndinakhala phee.

Chomwe ndinawakondera nchoti sanangondiopseza ndi malamulo, anandiuza chochita mwatsatanetsatane. Kalata yomuitana ilembedwe, inene mlandu wake momveka, tsiku ndi malo, apatsidwe masiku angapo okonzekera, abwere ndi mnzake ngati akufuna, mlonda adzanene zomwe anaona pamaso pake, ndipo wina azilemba zonse zokambidwa kenako tonse tisaine. Anatinso ngati nkotheka wotsogolera zokambiranazo asakhale ine poti ndine wodandaula komanso ndakwiya kale, nde tinapempha bambo ena a ku tchalitchi kwathu omwe anagwirapo ntchito m'kampani zaka zambiri.

Hearing tinachitira mu bekale momwemo Loweruka masana titazimitsa uvuni, titakhala pa mabenchi ufa uli mbuu pansi. Mnyamata uja anavomera, koma ananenanso chinthu chomwe sindinkachiganizira, kuti kwa miyezi yambiri amalowa 3 koloko m'bandakucha nkutuluka madzulo popanda ovataimu. Kuba nkuba ndithu ndipo ntchito inatha, koma nditabwerera kwa loya uja anandiuza mosabisa kuti lamulo limati maola 48 pa sabata, opitirira apo ndi ovataimu ndipo ndiyenera kumulipira pamodzi ndi masiku a tchuthi omwe sanapite. Zinandiwawa koma zinali zoona. Tinawerengera limodzi pa kakyuleta, ndinamulipira, anasaina. Severance, ndalama yomwe bwana amapatsa wantchito pomuchotsa ntchito, sanalandire chifukwa anachotsedwa pa mlandu ndipo ndondomeko inatsatidwa, koma anandifotokozera kuti ndikanakhala kuti ndikuchepetsa antchito chifukwa bizinesi yavuta, ndikanalipira malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse kwa zaka 5 zoyambirira, kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10 amakhala masabata atatu, kupitirira apo anayi.

Atatha zimenezo anandifunsa za antchito otsalawo, eti ali ndi makontirakiti? Panalibe ngakhale mmodzi, tonse tinkangogwirizana pakamwa ngati mmene ambiri timachitira. Anandikonzera kontirakiti ya masamba awiri, muli malipiro, maola, notisi ya mwezi umodzi kwa olandira pamwezi, tchuthi cha masiku 18 pa chaka poti ife timagwira masiku 6 pa sabata, matenite ya masabata 8, komanso anandiuza kuti kuchokera pomwe lamulo linasinthidwa mu 2021 abambo nawonso ali ndi tchuthi cha masabata awiri mkazi akachira, kamodzi pa zaka zitatu. Anyamata anga atamva izi anaombera m'manja. Za penshoni anandikumbutsa kuti Pension Act ya 2023 ikufuna bwana aziika 10 peresenti wantchito 5 peresenti, ndipo kudula ndalama ya munthu koma osaitumiza ku kampani ya penshoni ndi mlandu womwe umabwera ndi chilango pamwamba.

Zolembetsa bizinesi tinangodutsamo mwachangu chifukwa satifiketi ya kwa Registrar General ndinali nayo kale, TPIN ya ku MRA ilipo, layisensi ya khonsolo ya mzinda ndimalipira. Anangonditchulira kuti pansi pa Companies Act ya 2013 munthu mmodzi akhoza kutsegula kampani ya limited payekha, zomwe zimathandiza kuti ngongole za bizinesi zisamafike msanga pa katundu wa pakhomo, ndikuziganizirabe.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse. Kusunga nthawi kulibe, tsiku lachiwiri anandiuza 9 koloko koma ndinakhala pa mpando mpaka cha m'ma 11 akuti ali ku khoti, palibe anandiimbira foni kundichenjeza, ine ndasiya bekale m'manja mwa ana. Pa WhatsApp amayankha patatha masiku awiri kapena atatu, pomwe nkhani ya hearing ija imafuna yankho lachangu. China chomwe ndinadandaula kwambiri nchakuti kontirakiti anaipanga m'Chingerezi chokhachokha, antchito anga ambiri sukulu analekezera ku pulayimale, munthu angasaine bwanji chinthu chomwe sakuchimva? Nditanena anavomera kuti ndi zoona ndipo anandipangira ya Chichewa patatha sabata osandilipiritsanso, koma amayenera kuganiza okha zimenezi poti akudziwa kuti makasitomala awo ambiri ndi ife a mabizinesi ang'onoang'ono.

Mtengo siwotsika, sindinama. Kukambirana koyamba, makalata a hearing ndi makontirakiti zonse pamodzi zinandidyera ndalama yoti ndikanagula matumba angapo a ufa wa tirigu, koma anandiuziratu mtengo tisanayambe, anandilola kulipira kawiri ndipo lisiti anandipatsa nthawi zonse ziwiri. Kwa ine ndalamayo inapita pabwino, chifukwa mnyamata uja anapitadi ku ofesi ya leba kukadandaula, atandiitana ndinangonyamula fayilo yanga, kalata yomuitana, zomwe tinalemba pa hearing ndi pepala lomwe anasainira ndalama zake, ofisala anawerenga nkumufunsa ngati siginecha ili yake, anati eya, nkhani inathera pomwepo osafika ku Industrial Relations Court.

Ngati muli ndi antchito ngakhale atatu okha ndingakuuzeni kuti pitani, koma muimbe kaye foni m'mawa mutsimikize kuti loyayo alipo, ndipo munene poyambirira kuti mapepala mukuwafuna m'Chichewa. Ine mwezi wamawa ndibwererakonso ndi nkhani ya lendi, alandilodi akufuna kukweza pakati pa chaka ndipo pangano lathu nawonso linali la pakamwa.