Ndemanga yanga pa khomo lolowera kosi ya satifiketi ya uphunzitsi ku yunivesite

Ndinagwira ntchito mu labu yoyeza madzi kwa zaka 8 ndisanaganize zokaphunzitsa ku sekondale. Digiri ya Chemistry ndinali nayo kale, chimene ndinkasowa ndi satifiketi ya uphunzitsi, ija ya chaka chimodzi imene munthu amachita atamaliza digiri. Kosiyo ndangoiyamba kumene, choncho za m'kalasi ndidzanena nthawi ina. Lero ndikufuna ndikambe za polowera: zimene anandifunsa, ndi momwe ofesi yolemba ophunzira inandithandizira.

Pa webusaiti zofunika zinkaoneka zochepa. Digiri yochokera ku sukulu yovomerezeka, magiredi osatsika pa mlingo umene anaika, transcript yosonyeza makosi onse, makalata awiri a anthu okuikira umboni, kalata yofotokoza chifukwa chimene ukufunira uphunzitsi, ndi kalata ya kupolisi. Fomu ya pa intaneti ndiyabwino ndithu. Imasunga zimene walemba, moti netiweki itaduka kawiri sindinayambirenso poyambirira. Pamenepa palibe chodandaula.

Vuto linabisala m'chiganizo chimodzi chokha, chonena kuti wopempha malo akhale ndi maphunziro okwanira m'maphunziro awiri amene akufuna kukaphunzitsa. Okwanira ndiye angati? Sanalembe. Ine ndinasankha Chemistry ndi Biology, mtima uli m'malo, poganiza kuti munthu wokhala zaka zonsezi akuwerenga tizilombo ta m'madzi sangakanidwe pa Biology. Patatha masabata 5 kunabwera imelo ya mizere iwiri yoti phunziro langa lachiwiri silikukwanira. Chifukwa chake sanatchule, chochita sanandiuze, ndipo kunali kutatsala masiku 12 kuti atseke kulandira mafomu. Ndinaimba foni masiku atatu otsatizana, imangoitana osayankhidwa. Usiku wa tsiku lachitatulo sindinagone, chifukwa kuntchito ndinali nditawauza kale abwana kuti mwina ndichoka.

Tsiku lachinayi ndinapita ndekha. Ndinapeza mayi wina wachikulire amene anasintha maganizo anga onse pa ofesi imeneyi. Anasindikiza transcript yanga, n'kutenga pensulo, n'kundiuza kuti ndikokere mpando pafupi. Kosi iliyonse ankaiwerenga mokweza n'kulemba C kapena B pambali pake. Atafika pansi anati, "Mayi, taonani. Biology yeniyeni munaichita chaka choyamba chokha. Ife timafuna ioneke kuti munapitirira nayo mpaka zaka za kumtunda. Koma Microbiology iyi ya chaka chachitatu ingakupulumutseni. Nambala yake ikuonetsa ngati ya dipatimenti ina, n'chifukwa chake amene anayang'ana koyamba anaidumpha. Pitani ku koleji yanu yakale akakupatseni chikalata chofotokoza zimene munaphunzira mu kosi imeneyi, chikhale ndi chidindo." Zonsezi zinatenga mphindi 20. Chikalatacho chinandipeza patatha sabata yathunthu, ndipo ndinakachisiya tsiku lomaliza lenilenilo.

Lamulo lowerenga makosi sindikutsutsana nalo ngakhale pang'ono. Mphunzitsi amene amangotsogola ana ndi tsamba limodzi la buku amawalakwira, ndipo ana amazindikira msanga. Chimene chikundiwawa n'chakuti zimene mayi aja anandiuza ndi pensulo zikanatha kulembedwa pa webusaiti m'mizere inayi: makosi angati, a chaka chiti, ndiponso chochita ngati dzina la kosi likusokoneza. Pa benchi yodikirira ndinakhala ndi bambo wina wa digiri ya Economics amene ankafuna kuphunzitsa masamu. Nayenso analandira imelo yofanana ndi yanga, koma anachedwa kubwera poganiza kuti nkhani yatha. Atamuwerengera, makosi ake a Statistics akanamuthandiza, koma nthawi yopezera zikalata inali itamuthera. Anapinda mapepala ake n'kutuluka mwakachetechete. Lipoti la UNESCO la 2024 linati dziko lapansi likufunika aphunzitsi ena 44 miliyoni pofika 2030, ndipo 15 miliyoni mwa iwo akufunika m'maiko a kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Ndikaganiza za nambala imeneyi ndimawakumbukira bambo aja, mphunzitsi wa masamu wotayika chifukwa cha imelo yosafotokoza.

Intavyu ndiyo ndinaikonda kuposa zonse, ngakhale inanditulutsa thukuta. Anali atatu, ndipo anandiuziratu kuti ndikonzekere phunziro la mphindi 10 ngati ndikuphunzitsa ana a zaka 14. Ndinasankha muyeso wa pH, umene umasonyeza mphamvu ya asidi, chinthu chimene ndinkachigwira tsiku ndi tsiku. Ndinayamba ndi mbiri ya Søren Sørensen, katswiri wa ku Denmark amene anayambitsa muyesowu mu 1909, kenako ndinajambula mzere wochoka pa 0 kufika pa 14. Ndili mkati molankhula, bambo mmodzi wa atatuwo anakweza dzanja ngati mwana. "Madamu, ine sindikumva. Mwati asidi wa 3 ndi wamphamvu kuposa wa 5. Nanga 5 si wamkulu kuposa 3?"

Yankho la mu labu linali kale pamilomo, lija la logarithm, koma ndinaona kuti mwana wa zaka 14 ndimutaya pomwepo. Ndinakhala chete kaye, choko chili m'manja. Kenako ndinajambula makapu atatu. Mu kapu ya 5 ndinaikamo kadontho kamodzi, mu ya 4 timadontho 10, ndipo pa ya 3 ndinawafunsa iwo kuti muyenera kulowa tingati. Mayi wa pakati anayankha kuti 100. Ndinati eya, tikatsika sitepe imodzi asidi amachuluka ka 10, ndiye nambala ikamachepa m'pamene mphamvu ikukula. Wofunsa uja anangogwedeza mutu n'kulemba. Pomaliza anandiuza mosabisa kuti mbiri ya Sørensen inandidyera mphindi ziwiri zimene ana akanapindula nazo, koma kuti anasangalala kuti nditafunsidwa ndinasiya zimene ndinaloweza n'kutsata pamene mwana wakodwa. Zaka 8 za mu labu palibe amene anandiuzapo zoona zotere za momwe ndimafotokozera zinthu.

Funso lina linali lolemera. Anati mwana wabwera kwa inu ataweruka, ali ndi mabala pamkono, akuti akuuzani chimene chachitika pokhapokha mulonjeze kuti simuuza munthu, mutani? Ndinayankha kuti ndimumvetsera modekha, koma lonjezo la chinsinsi sindingapereke, ndipo tsiku lomwelo ndikauza amene ali ndi udindo woteteza ana pasukulupo. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti kalata ya kupolisi ija si yongodzazira fayilo. Ingoipemphani msanga, chifukwa pa zikalata zonse ndi imene simungaifulumize nokha.

Maiko amatchinga khomo limeneli mosiyana. Ku England wofuna maphunziro a uphunzitsi amayenera kukhala ndi giredi 4 pa Chingerezi ndi masamu pa mayeso a ku sekondale otchedwa GCSE, kuphatikizapo sayansi ngati akupita ku pulayimale. M'madera ambiri a ku United States muli mayeso a Praxis okonzedwa ndi bungwe la ETS. Ku Finland mphunzitsi wa pulayimale kapena sekondale amafunika digiri ya masters. Kumene ndinapempha ine kunalibe mayeso olemba apadera, anadalira transcript ndi phunziro la mphindi 10 lija. Kwa ine njira imeneyi ndiyabwino, chifukwa mayeso olemba sakanaonetsa zimene ndinachita nditafunsidwa za 3 ndi 5.

Ndiye kodi ndingamuuze mnzanga kuti apemphe malo kumeneku? Inde, ndi mtima wonse. Oyesa pa intavyu ndi anthu odziwa ntchito, ndipo mayi wa pensulo uja ndimamuthokozabe. Mbali ya maimelo ndi foni ndiye ikufunika kukonzedwa kwambiri. Musanatumize fomu, tengani transcript yanu mupite nayo ku ofesi, kapena itumizeni ndi funso lolunjika lakuti makosi anu akukwana pa maphunziro ati, ndipo yankho likhale lolembedwa. Zikalata zofotokoza makosi a maina osokoneza muzipempheretu ku koleji yanu yakale.

Kalata yondilandira inabwera patatha masabata atatu chichitireni intavyu. Chemistry anandivomera mpaka makalasi a kumtunda. Biology anati ndiyambe ndi makalasi a m'munsi kufikira nditawonjezera kosi imodzi ya Genetics, ndipo ndalembetsa kale kuti ndiichite teremu yachiwiri.