Patha miyezi 9 ndili ndi Canon 2000D, kagudumu kanga kamakhala pa Av

Kamera yangayi yakwanitsa miyezi 9 chiigulireni, ndinagula yogwiritsidwapo kale ntchito kwa mkulu wina ku Lilongwe pamodzi ndi lenzi yake ija imabwera nayo ya 18-55mm. Masabata oyambirira aliyense akandifunsa ndimangomuuza kuti ikani kagudumu ka pamwambako pa Auto yobiriwira ija basi, kamera imadziwa yokha zochita. Mawu amenewo ndikuwabweza lero, amene ndinakuuzani zimenezi mundikhululukire.

Chinanditsegula maso ndi chinkhoswe cha mwana wa azakhali anga ku Bembeke mu June. Anakhazika atsikana pansi pa tenti yoyera, kumbuyo kwawo kumwamba kuli mbee ndi mitambo ija ya nyengo yozizira, ine ndikungodina pa Auto mtima uli mmalo. Madzulo nditatsegula zithunzi pa laputopu nkhope zonse zili bii, ukungoona mano ndi maso. Azakhali anayang'anitsitsa nkundifunsa kuti, "Mwanawe, ameneyu ndi mwana wanga uja?" Zinandipweteka kwambiri poti tsiku ngati limenelo silibweranso. Vuto silinali kamera, kamera iliyonse ikaona zoyera zambiri imayesa kuti kwawalitsa nde imachepetsa kuwala, ife khungu lathu ndi lakuda kale nde nkhope ndi imene imayamba kutayika, ndipo pa Auto palibe batani loti uyiuze kuti ayi onjezera.

Kuyambira pamenepo ndinasamukira pa Av, amene muli ndi Nikon ndi A ija. Pa Av iwe umasankha kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala mu lenzi, kamera nkusankha yokha spidi ya shata, kutanthauza kanthawi kamene imatsegula kuti kuwalako kulowe. Nambala ya f ikakhala yaing'ono kabowo kamakula, munthu amaoneka bwino kumbuyo kwake kuli mbuu, ikakhala yaikulu ngati f/8 onse akutsogolo ndi akumbuyo amaoneka. Lenzi ya 18-55 ija ikafika pa 55mm simatsika kupitirira f/5.6, nchifukwa chake ndinadzasunga ndalama nkugula 50mm f/1.8, koma chenjerani nayo, gulu la amayi a kwaya litaima mizere itatu mukajambula pa f/1.8 mzere umodzi wokha ndi umene utuluke, enawo azikudandaulirani. Gulu ndi f/8 basi. Koma chimene ndimakondera Av kwenikweni ndi kabatani ka kumbuyo kolembedwa Av ndi +/-, umakadina ndi chala chachikulu uku ukuzunguliza kagudumu ka pafupi ndi shata, nkuika pa +2/3 kapena +1 kuti kamera ionjezere kuwala. Nkhope zimabwerera pompo. Ngakhale chifunga chija chimakuta phiri la Dedza mmawa, ukajambula osaonjezera chimatuluka chotuwa ngati phulusa, ukaika +1 chimayera mmene maso akuchionera.

Av ili ndi msampha wake umene unandigwira kawiri konse mu tchalitchi. Mkati mukachita kamdima kamera imatsitsa spidi mpaka 1/15 ya sekondi osakuuza, pa sikirini yaing'onoyo chithunzi chimaoneka bho koma ukachikuza pa laputopu chagwedezeka. Pano diso langa silichoka pa nambala ija imaoneka pansi ukamasuzumira, ikatsika kupitirira 1/125 pali anthu ndimakweza ISO, nambala ya mmene kamera imamvera kuwala, kufika 800 kapena 1600 kuti spidi ikwere. Pa 3200 timadontho ngati mchenga timayamba kuoneka, komabe bola mchengawo kusiyana ndi nkhope yogwedezeka.

Tv, pomwe iwe umasankha spidi ya shata kamera nkusankha kabowo, ndimaigwiritsa ntchito pakakhala magule kapena mpira. Ku Ntcheu ndinajambula madoda akuvina ngoma, zishango mmanja, mwendo ukamenya pansi fumbi kuti buu, ndinaika 1/1000 ndi AI Servo, fokasi yotsatira chinthu choyenda, nkusankha kadontho ka fokasi ka pakati pa timadontho 9 tija. Chithunzi chimodzi chinagwira phazi lili mmwamba fumbi likungoyamba kudzuka, mpaka nthenga za kumutu zikuwerengeka. Kamerayi imajambula zithunzi 3 pa sekondi nde osadalira kungopanikiza batani, umamvetsera nyimbo nkudziwa pomwe mwendo utsikire.

Ku Chongoni, kuja kuli zojambula za pamiyala zimene bungwe la UNESCO linazilemba pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse mu 2006, ndinaphunzirako china. Zojambulazo zili mmapanga mwa mthunzi, Auto ikangoona mthunzi fulashi imadzuka yokha nkuwalitsa mwala mpaka zofiira zija za Akafula zimazimirira. Pa P, Av kapena Tv fulashi siidzuka pokhapokha uidzutse wekha. P ndi imene ndimaikira mng'ono wanga akandibwereka, imasankha zonse ngati Auto koma +/- ija imagwira.

Nde pali anyamata ena ojambula amati wojambula weniweni amagwiritsa M yokha, pomwe kabowo ndi spidi umasankha wekha, zinazo ndi za ophunzira. Ndinawamvera kwa mwezi wathunthu ndipo ndinataya zambiri, makamaka pa perekani perekani panja mitambo ikamadutsa, dzuwa latuluka labisala, iwe uli kalikiliki ndi mabatani agogo aponya kale ndalama yawo akubwerera kukakhala. M ili ndi malo ake, mu holo usiku pomwe magetsi sakusintha, ndimaika 1/125, f/4, ISO 1600 pa 50mm nkusiya choncho mpaka mwambo utha, ndipo ndikayatsa fulashi spidi siipitirira 1/200. Kunja kwa pamenepo sindiona chifukwa chodzivutitsira.

Kamera yokhayo ikadali bwinobwino, kagudumu sikanakhwepe ngakhale ndimakazunguliza tsiku ndi tsiku, fumbi la ku Lizulu ndimangopukuta ndi kaburashi. Batire lake la LP-E10 limafika zithunzi ngati 500 ukamasuzumira pa kagalasi osati pa sikirini, kuzizira kwa kuno kumalifooketsa msanga nde lachiwiri ndimasunga mthumba la mkati mwa jekete. Loweruka likubwerali ndili ndi ukwati ku Linthipe, diresi loyera, tenti yoyeranso, ndaika kale pa Av, f/4, +2/3.