Msampha wa agulugufe a mbozi, ndaugwiritsa ntchito dzinja lonse

Anzanga olima chimanga, ambiri mwakhala mukundifunsa za kachidebe kaja ndinapachika m'munda, ena mpaka mumati ndatsirika munda. Ayi ndithu, ndi msampha wa agulugufe amene amaikira mazira a mbozi zija za fall armyworm, zomwe zinatipeza cha mu 2017 mpaka Disembala chaka chomwecho boma linalengeza kuti m'maboma 20 mwagwa tsoka.

Kapangidwe kake nkosavuta. Pansi kachidebe, pakati fanelo, pamwamba kadenga, ndiye pansi pa kadengako pali kakhola momwe mumaika kalabala kakang'ono, alangizi amakatchula kuti lure. Kalabalako kamatulutsa fungo longa la gulugufe wamkazi, ife sitilimva koma amphongo usiku amabwera ali piringupiringu kufuna mkazi, nkugwera mu fanelo, basi osatulukanso. Ine ndinaupachika pa mtengo wa mita ndi theka pakati pa munda, chimanga chikamakula mumakweza kuti ukhale pamwamba pa masamba.

Apa ndiye mumve bwino chifukwa inenso ndinapusitsika. Mnyamata wa pa shopu ina ya zaulimi pa boma anandiuza kuti bwana mukaika ichi mbozi mwathana nazo. Bodza lenileni. Msamphawu umagwira amphongo okha, aakazi amangopitiriza kuikira mazira pa masamba, mulu umodzi mazira 100 kapena 200, ndiye mukagona tulo poti ndagula msampha mudzakolola mapesi. Ntchito yake ndi ulonda basi, kukuuzani kuti adani afika.

Ndipo pa ulondapo sindinama, umagwira ntchito. Masabata awiri oyamba ndinkapeza atatu, anayi. Loweruka lina mvula itagwa usiku ndikutsegula, pansi pa chidebe pali bii agulugufe otuwa, ndinawerenga pa chipepala cha shuga mpaka ndinasokonezeka. Nthawi imeneyo masamba anali asanabooledwe nkomwe. Alangizi athu anati musadabwe, tizilomboti timauluka ndi mphepo, usiku umodzi makilomita 100 nkotheka, moti amene mwagwirawa mwina sanabadwire m'mudzi muno. Zinandikumbutsa dzombe limene agogo ankatiuza kuti likanyamuka ku madambo a ku Chilwa limaphimba dzuwa, kusiyana kwake nkoti dzombe umaliona likubwera, awawa amafika uli mtulo.

Ndiye kuyambira sabata imeneyo ndinkayenda m'munda mokhotakhota, malo asanu, pamalo paliponse mapesi khumi, kuyang'ana kunsonga. Patapita masiku ochepa timawindo toyera pa masamba tinayamba, timbozi tikadali tating'ono. Ndinapopera madzulo dzuwa litapepa, mizere ya kumalire ndinangothira dothi ndi phulusa kunsonga poti mankhwala anachepa. Chaka chatha ndinkadziwa mochedwa, mbozi ili kale chimphona, ija ya chilembo cha Y pamutu ndi timadontho tinayi kumatako, itabisala mkati ndowe zake zili mbwee ngati utuchi, ndipo ikafika pamenepo mankhwala mumangotaya ndalama.

Zondinyansa zilipo. Kalabala kaja kamatha mphamvu pakapita mwezi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo nditabwerera ku shopu kuja anati tinangobweretsa zidebe, malabala kulibe, bwerani sabata ya mawa. Sabata ya mawa ija mpaka chimanga chinamasula ngaiyaye. Ndinachita kutumiza mlamu wanga ku Blantyre. Komanso amati malabala osatsegula musunge mufiriji, kwathu kuno firiji yake iti? Ndinapempha mayi wina wogulitsa mafizesi pa msika kuti andisungire. Chinanso nyerere, zinakwera mtengo nkudya agulugufe onse kungosiya mapiko, mpaka ndinapaka girisi pa mtengopo. Nthawi zina mumagweranso agulugufe amtundu wina, ndiye ngati simunaonetsedwe wamphongo wake mmene amaonekera mudzawerenga zolakwika.

Kodi ndingakuuzeni kuti mugule? Ngati muli pa kalabu kapena minda yanu ndi yoyandikana, sonkhani mugule umodzi, mmodzi aziwerenga Loweruka lililonse nkuponya pa gulupu ya WhatsApp. Wekha pa theka la ekala mtengo wake ukuwawa. Ndipo musanapereke ndalama afunseni kaye akuonetseni malabala apadera, muwagwire m'manja ali mupaketi, apo ayi chisiyeni chidebecho pashelefu pomwepo.