Nissan 1400 ya malume ndi Altezza yotsitsidwa: inshuwalansi yomuyenera wachinyamata wa ku Chipata ndi iti?

Malume atamwalira, Nissan 1400 yawo inabwera kwa ine, mwana wa mlongo wawo, monga timachitira Achewafe. Ndinali ndi zaka 22, laisensi yanga isanathe n'chaka chomwe. Kagalimotoka kanasenza mtedza ndi mpendadzuwa kuchokera ku Chiparamba kwa zaka zambiri, ndipo popeza fakitale ya ku Rosslyn ku South Africa inaleka kupanga timagalimoto totere mu 2008, aliyense amene ali nako kabwinobwino amakasunga ngati dzira. Mwezi womwewo msuweni wanga, mwana wa malume omwewo, anagula Toyota Altezza. Anaitsitsa, anaiveka malimu aakulu, anasintha ekizozi, kubuti n'kuikako zokuzira mawu. Tonse awiri tinazungulira maofesi a inshuwalansi m'tauni muno sabata imodzi, ndipo zomwe tinapeza n'zimene ndikufuna kuika pambalambanda kwa achinyamata anzanga, chifukwa ambirife timangofunsa funso limodzi lokha: yotchipa ndi iti?

Poyambira palibe kusankha. Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act ya 2002, silimalola galimoto kuyenda popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena, ija timangoti third party, ndipo ku RTSA, bungwe loona za magalimoto pamsewu, sangakupatseni road tax musanaionetse. Choncho nkhani yagona pa kusankha pakati pa zinayi: third party yongokwanira lamulo, third party yokweza malire, ija yowonjezera moto ndi kuba, ndi comprehensive, yomwe imalipiranso galimoto yanu ikawonongeka pa ngozi.

Third party yongokwanira lamulo ndi imene ambiri timagula, kota ndi kota, pamodzi ndi road tax. Ubwino wake ndi woonekeratu: ndi yotchipa kuposa zonse, safunsa kuti galimoto ndi ya chaka chanji, ndipo pa chipata cha apolisi mumadutsa mutu uli m'mwamba. Koma galimoto yanu ikaphwanyika, palibe ngwee imene mulandire. Izi aliyense amazidziwa. Chomwe ambiri sitiwerenga ndi malire a ndalama olembedwa pa pepalalo. Kampani imalipira mpaka pamalirewo basi, zotsalazo zimagwera inu ndi banja lanu. Tsono taganizirani misewu yathu. Chipata ndi mudzi wa njinga kuyambira kale, m'masiku a fakitale ya Luangwa Industries, ndipo lero njinga zamoto zawonjezera piringupiringu kuzungulira msika wa Kapata. Pa msewu wa ku Mfuwe mumapishana ndi ma Land Cruiser onyamula alendo. Kagalimoto kanga kakale kakapala mbali ya imodzi mwa izo, chitseko ndi nyali zokha zitha kupitirira mtengo wa Nissan yonseyo. Ngozi ya galimoto yotchipa siikhala yotchipa.

N'chifukwa chake yachiwiriyi ndimaikonda, ngakhale kuti sakonda kuitchula mukapanda kufunsa. Ndi third party yomweyo, koma mumapempha kuti malire a katundu wa anthu ena ndi a ovulala akwezedwe, inu n'kuwonjezera ndalama pang'ono. Titayerekeza makoteshoni athu, kusiyana kwa iyi ndi yoyamba ija kunali kochepa kwambiri poyerekeza ndi phompho lomwe linali pakati pa third party ndi comprehensive. Kwa woyendetsa watsopano, amene dzanja lake silinakhwime, chinthu choopsa kwambiri si kuphwanya galimoto yake. Ndi kuvulaza munthu kapena kuphwanya ya mwini, n'kugulitsitsa ng'ombe za makolo pobweza. Funsaninso ngati anthu okwera m'galimoto mwanu akuwerengedwa, ndi angati. Kwa ife a tima bakkie izi n'zofunika, chifukwa pa maliro kapena pa Nc'wala ku Mtenguleni abale amadzaza kumbuyo, pomwe pepala limadziwa mipando ya kutsogolo yokha.

Ya moto ndi kuba ndiidutsa msanga. Imaoneka yokopa kwa mwini galimoto yakale chifukwa mawaya a zaka 30 ndi paipi ya petulo youma zimayatsadi moto. Koma werengani bwino: kawirikawiri amalipira zomwe motowo waononga, osati chipangizo chomwe chinayambitsa vutolo, ndipo pa kuba ambiri amatanthauza galimoto yonse kusowa. Malimu kapena wailesi kuzulidwa usiku pabwalo ndi nkhani ina. Ngati galimoto imagona mumpanda wokhala ndi geti, nenani, chifukwa zimathandiza pa mtengo.

Pa comprehensive ndi pomwe tinakhalitsa, ndipo ndi pomwe ine ndi msuweni tinasiyana njira.

Mtengo wake amawerengera pa mtengo wa galimoto, gawo lakutilakuti pa 100 iliyonse pachaka. Kumva choncho munthu amati, ndiye yakale itchipa. Koma pali zipata zitatu. Choyamba ndi msinkhu wa galimoto. Makampani ambiri ali ndi zaka zomwe akafikapo amayamba kukayika, ena amafuna kuti iyambe yaonedwa ndi wowerengera mtengo, ena amangokana. Ine anandikana m'maofesi awiri ndisanakhale n'komwe pampando, atangomva chaka cha Nissan. Altezza, zomwe Toyota inapanga kuyambira 1998 mpaka 2005, nazonso zakalamba tsopano ngakhale zimaoneka zamakono, ndipo msuweni anauzidwa kuti abwere nayo aione kaye.

Chachiwiri ndi msinkhu wa woyendetsa. Pa claim iliyonse, kutanthauza pempho loti kampani ilipire ngozi ikachitika, pali ndalama yomwe mwini galimoto amayamba watulutsa yekha, imene amaitcha excess. Ngati woyendetsa sanafike zaka 25, kapena laisensi yake ndi yaposachedwa, mapepala ambiri amawonjezerapo excess ina pamwamba pa yoyambayo. Ndiye bampala ikathyoka, nyali n'kusweka, mupeza kuti ndalama yokonzera ikungofanana ndi excess, ndipo mukukonza ndi za m'thumba mwanu ngakhale munalipira chaka chonse. Poyerekeza makoteshoni, musayang'ane mzere wa pansi wokha. Ikani ma excess onse awiri pambali pake. Tinaona kampani yomwe inali yotchipa pa zolipira pachaka koma yolemera kwambiri pa excess ya achinyamata, ndipo ina inali mosemphanitsa.

Chachitatu, chomwe chimandiwawa kwambiri, ndi mtengo womwe adzalipire tsiku la tsoka. Comprehensive wamba imalipira mtengo wa pamsika wa galimotoyo pa tsiku la ngozi. Kwa iwo Nissan 1400 ndi kabakkie kokalamba. Sadziwa kuti giyabokosi tinaitsitsa n'kuimanga mwatsopano, kuti penti yake ndi ya chaka chatha, kuti nyali zakumbuyo ndinazisaka miyezi inayi. Ndalama yokonzera ikayandikira mtengo wa pamsikawo, amati ndi write-off, amakupatsani cheke chaching'ono, chigoba n'kukhala chawo. Ikakhala yokonzeka, akaika chipangizo chatsopano pa galimoto yakale amatha kukuuzani kuti muthirepo gawo, poti akukusiyirani galimoto yabwino kuposa momwe inalili. Ndipo musayese kutchula mtengo wotsika kuti mulipire zochepa. Tinene mwachitsanzo kuti Altezza ndi ya K100,000 koma mwalembetsa K60,000. Mwagunda, kukonza kukufuna K30,000. Iwo awerenga kuti munateteza magawo 60 okha pa 100, alipira K18,000, ndipo pamenepo achotsaponso excess.

Mankhwala a vuto limeneli alipo: kugwirizaniratu mtengo, komwe pa mapepala amalemba kuti agreed value. Wowerengera mtengo amaiona galimoto, inu ndi kampani mumagwirizana nambala, n'kuilemba mu policy, ndipo ikatheratu amalipira nambala imeneyo. Kumaiko monga Britain kuli makampani amene ntchito yawo ndi ya galimoto zakale zokhazokha, ndipo amatchipitsa chifukwa eni ake amaziyendetsa mtunda wochepa pachaka. Zimenezo ndi za kumeneko. Kuno mumachita kupempha, ndipo wa pa kauntala ku Chipata amayenera kufunsa kaye ku likulu ku Lusaka. Pamafunika zithunzi, malisiti a zonse munagula, ndi kudekha. Kwa Land Rover Series III yomangidwa bwino, kapena Peugeot 504 ya agogo yomwe imangotuluka Lamulungu, iyi ndi comprehensive yokhayo yomwe ine ndingalipire. Popanda mawu amenewo olembedwa, comprehensive pa galimoto yakale imateteza mtengo womwe si umene uli mumtima mwanu.

Tsopano za kusintha galimoto, nkhani ya msuweni. Walira mvula walira matope. Chilichonse chomwe mwasintha chili ndi mbali ziwiri kwa a inshuwalansi. Malimu, zokuzira mawu, mipando ndi penti zimakweza mtengo wa galimoto ndi kukopa akuba. Mukapanda kuzilembetsa padera ndi mitengo yake, tsiku la claim amaziona ngati kulibe. Injini ina, turbo, kutsitsa galimoto podula masipuling'i, izi zimasintha kayendedwe kake, ndipo mukazibisa kampani ili ndi chifukwa chokanira claim yonse. Mnzathu wina wa ku Katete anaika injini ya 4A-GE mu Corolla yake osauza aliyense. Atagunda ng'ombe usiku chakufupi ndi Sinda, woona ngozi anangotsegula boneti, n'kuyerekeza nambala ya injini ndi ya mu white book, chikalata cha umwini wa galimoto, nkhani n'kuthera pomwepo. Zaka ziwiri zomwe analipira zinapita m'madzi. Mukasintha injini kapena mtundu wa penti, yambani mwakonza mapepala ku RTSA kuti white book igwirizane ndi zomwe zili pansi pa boneti, kenako lemberani kampani, ndipo musunge yankho lawo lolembedwa. Mawu a pakamwa a ajenti sadzakuimirani mboni. Izi zimakhudza ngakhale ife a third party.

Pali njira ina yomwe aliyense adzakunong'onezani: lembetsa m'dzina la adadi, itchipa. Imatchipadi. Ngati bambo ndiwo amayendetsa masiku ambiri ndipo inu mwalembedwa ngati woyendetsa wowonjezera, palibe cholakwika, ndipo kwa amene akukhalabe pakhomo pa makolo ndi chiyambi chabwino. Koma ngati galimoto ndi yanu, imagona kwanu, bambo sanaigwirepo chiwongolero, ndiye mwalemba bodza pa fomu, ndipo lipoti la apolisi lidzanena amene anali pa chiwongolero. Excess ya achinyamata imatsata woyendetsa pa nthawi ya ngozi, osati dzina la pa pepala. Komanso zaka zomwe mwayenda osagunda zimalembedwa kwa bambo, inu n'kufika zaka 25 mulibe mbiri yoti muchotseredwe nayo mtengo.

Chimodzimodzi ndi kunyamula anthu olipira. Mafuta akavuta, mtima umati ndipange maulendo awiri a ku boda ya Mwami. Pepala lolembedwa kuti galimoto ndi ya pakhomo silidziwa ulendo umenewo. Ndipo poti tatchula Mwami: ife a kuno Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka, yomwe ili pa mtunda woposa makilomita 500, ndiye ambiri timakasaka masipeya ku Malawi. Third party ya ku Zambia imathera pa boda. Yellow Card ya COMESA, yomwe mungagule kwa kampani yanu yomweyo musananyamuke, imakutetezani pa za anthu ena mukakhala kutsidyako. Ya comprehensive ndi nkhani yapadera. Funsani ngati ikuwoloka nanu, ndipo alembe.

Kogula nakonso kumasiyana. Pa foni, kulipira ndi Airtel Money kapena MoMo, n'kwachangu ndipo kwa third party wamba n'kokwanira, koma palibe malo ofotokozerapo za injini yosinthidwa. Ajenti amagulitsa za kampani imodzi. Broker amatenga nkhani yanu n'kuiyendetsa ku makampani angapo, monga ZSIC General, Madison General, Professional, Hollard kapena NICO, ndipo malipiro ake amachokera ku kampani. Kwa galimoto yovuta ngati zathuzi, broker ndiye anatithandiza, chifukwa ankadziwa kale amene amalandira zakale. Aliyense amene mukumupatsa ndalama, onani kuti ali ndi chilolezo cha PIA, bungwe loyang'anira za penshoni ndi inshuwalansi, komwenso mungakadandaule claim ikakanidwa popanda chifukwa. Mapepala abodza a inshuwalansi alipo, ndipo amaoneka ngati enieni mpaka tsiku lomwe mwawafuna.

Msuweni anatenga comprehensive. Altezza anaigula ndi ngongole ya kuntchito, ndipo ikatha lero adzakhala akubweza ndalama za chinthu chomwe kulibe. Kwa iye kunali koyenera. Analembetsa malimu ndi zokuzira mawu padera. Masipuling'i odula aja anawachotsa n'kuika ogula opangidwira kutsitsa galimoto, chifukwa woona galimoto anakana kusaina ali momwemo. Akulipira zambiri, ndipo excess yake akuidziwa pamtima.

Ine ndinatenga third party yokweza malire, ya chaka chonse kuti ndisamaiwale kota ikatha. Ndalama zomwe zikanapita ku comprehensive ndimaponya mwezi ndi mwezi ku chilimba chomwe tili anthu asanu ndi mmodzi a galimoto zakale, ndipo zanga zikatuluka ndimagula chipangizo chomwe ndikudziwa kuti chidzasowa. Panopa m'chipinda mwanga muli galasi lakutsogolo, radiator ndi nyali ziwiri. Malisiti onse ndi zithunzi za ntchito iliyonse ndikusunga mu envulopu imodzi, ndipo broker uja tinapangana kuti ndikakwanitsa zaka 25 tidzapite nayo Nissan kwa wowerengera mtengo.